MALASHA A KU MOATIZE: MPHATSO NDI INA, NGONGOLE NDI INA

MOATIZE, Tete — Inu amene mumatsika ndi chapa kuchokera ku Ulongue, ku Tsangano kapena ku Zóbuè popita ku mzinda wa Tete mumaudziwa msewu uwu. Mukapitirira pa Mussacama mphepo yozizira ya kumapiri imatsala m'mbuyo, kutentha kumayamba, milambe imachuluka, ndipo poyandikira Moatize mumaona milu yaikulu yakuda imene makolo athu sadaione. Amenewo si mapiri a Mulungu ayi. Ndi dothi ndi miyala yofukulidwa pokumba malasha. Tsiku lina mumakumananso ndi komboyo ya mabogi oposa 100, iri kukwawa ngati bongololo kunka ku nyanja yamchere.

Ambiri timangosuzumira pa zenera ndi kunena kuti anzathu a kuno adalemera. Lero tiyeni titsike chapa, tiime pang'ono pa Moatize, pakuti zimene zidachitika kuno zikhoza kufika pa mudzi uliwonse. Anthu ofufuza chuma ali kuyendayenda m'madistirito a chigawo chino, ena afuna golide, ena chitsulo, ena matabwa, ena minda yaikulu. Tsiku lina galimoto idzaima pa bwalo la amfumu anu, mudzatsika anthu aulemu onyamula mapu, ndipo adzayamba kulankhula za sukulu, za mjigo ndi za mpira wa anyamata. Tsiku limenelo mudzafuna kudziwa zimene a ku Moatize adazidziwa mochedwa.

Malasha si chinthu chatsopano kuno. Atsamunda adawakumba, ndipo patapita zaka zochepa chilandirire ufulu mu 1975, migodi idalowa m'manja mwa kampani ya boma ya Carbomoc. Masiku amenewo anthu ankalowa pansi pa nthaka ndi nyali pamutu. Akuluakulu akukumbukirabe ngozi ziwiri za ku migodi ya Chipanga, ya mu 1976 ndi ya mu 1977, pamene mpweya udaphulika pansi ndi kupha anthu oposa 150. Kenaka nkhondo idadula njanji ya ku Beira, malasha adasowa njira, ntchito idazirala, ndipo makolo athu ambiri adali kutsidya, m'misasa ya othawa nkhondo ku Malawi.

Mtendere wa pa 4 Okutobala 1992 udabweza anthu kwawo, ndipo pambuyo pa anthu padabwera ndalama za kunja. Kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000 kufikira cha m'ma 2015, chuma cha Moçambique chinkakula ndi pafupifupi 7 pa 100 chaka ndi chaka, liwiro limene maiko ochepa a mu Africa adalifika. Mu Novembala 2004 kampani ya ku Brazil ya Vale do Rio Doce, imene pambuyo pake idangotchedwa Vale, idapambana mpikisano wa malo a malasha a ku Moatize, ndipo mu 2011 idatumiza malasha ake oyamba ku doko la Beira. Ku Benga kudalowa Riversdale ya ku Australia, ndipo kutsidya la Zambezi, ku Chirodzi, kudalowa Jindal ya ku India. Makampani awa sadalowe pansi ngati a Carbomoc. Iwo amasenda nthaka yonse ya pamwamba monga mmene amayi asendera chinangwa, ndipo chirichonse chokhala pa khungulo, mitengo, minda, nyumba kapena manda, chiyenera kuchoka.

Mzinda wa Tete udatupa ngati mtanda wa mkate. Mahotela adamera, lendi ya nyumba idakwera kufikira poti aphunzitsi ndi anamwino ankalephera kupeza pokhala, ndipo magalimoto akuluakulu ankafola mzere wautali kudikira kuwoloka mlatho wa Samora Machel, mpaka mu 2014 adatsegula mlatho wachiwiri wa Kassuende. Ena a kwathu adapeza ntchito, ena adapeza msika wa kachewere ndi kabichi. Zimenezo nzoona, ndipo sitizibisa.

Nyumba ya simenti, munda wa miyala

Pakati pa 2009 ndi 2010, Vale idasamutsa mabanja 1,365 a ku Chipanga, Bagamoyo, Mithete ndi Malabwe. Amene adawawerengera kuti ndi anthu a ntchito za m'tauni, mabanja pafupifupi 300, adawamangira mu bairo la 25 de Setembro ku Moatize komweko. Amene adawawerengera kuti ndi alimi, mabanja oposa 700, adawapititsa ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40. Otsala adalandira ndalama kapena adathandizidwa kugula nyumba kwina.

Mlendo wofika ku Cateme masiku amenewo akadati anthu awa agwa m'mbale ya mafuta. Nyumba za simenti zofolera ndi malata ziri m'mizere, sukulu ya pulayimale, sukulu ya sekondale, chipatala, polisi, ngakhale wailesi ya mudzi. Zithunzi za zinthu izi zidayenda kutali, ndipo zidatchedwa ndi mawu amene mudzawamve kawirikawiri pa Chipwitikizi, responsabilidade social, ndiko kunena kuti udindo wa kampani posamala anthu oizungulira.

Koma munthu sadya khoma. Kumene adachoka, anthu aja adali pafupi ndi madzi ndi msika. Mtsinje wa Revúbuè, umene umayambira kwathu ku mapiri a kumalire, udali kuwapatsa madimba a chilimwe, nsomba ndi mchenga wogulitsa. Amuna ambiri ankaumba ndi kuwotcha njerwa. Amayi ankasenza nkhuni, makala ndi ndiwo zamasamba kupita nazo ku Moatize ndi miyendo, madzulo nkubwera ndi sopo ndi mchere. Chaka cha chilala banja linkapulumukira pa tinthu timeneti, timene palibe adatilemba m'kaundula wa katundu. Ku Cateme banja lirilonse lidalonjezedwa mahekitala 2 a munda, koma lidalandira imodzi, ndipo ambiri adapeza kuti ndi ya miyala, ina nkukhala kuti iri ndi eni ake kale. Madzi ankavuta. Makoma a nyumba zatsopano adayamba kung'aluka, madenga kudontha. Kupita ku msika kudasanduka ulendo wolipira. Anthu a ku Capanga, amene adachotsedwa m'mbali mwa Revúbuè chifukwa cha mgodi wa Benga ndi kupititsidwa ku Mwaladzi, adafika pomadikira madzi obwera ndi galimoto, iwo amene adabadwira pa gombe la mtsinje.

Pa 10 Januwale 2012, atatopa ndi madandaulo osayankhidwa, anthu a ku Cateme pafupifupi 500 adakakhala pa njanji ndi kuimitsa komboyo ya malasha. Apolisi a FIR adawabalalitsa ndi nkhanza, ndipo anthu 14 adagwidwa. Zitatha izi ndi pamene kampani idavomera kuti padali zolakwika, niyamba kukonza nyumba ndi za madzi, ndipo pambuyo pake hekitala yachiwiri ija idalipidwa ndi ndalama. Mu 2013 oumba njerwa nawo adatseka njira za ku mgodi, ponena kuti mametikali 60,000 amene adapatsidwa sangalowe m'malo mwa ntchito yodyetsa banja moyo wonse. Chaka chomwecho bungwe la Human Rights Watch lidatulutsa lipoti la za Tete, ndipo mutu wake udali funso lakuti nyumba yopanda chakudya ndi chiyani.

Mbuzi ya mnansi

Abale, pano ndi pamene pagona nkhani. Mbuzi ya mnansi ikalowa m'munda mwanu ndi kudya chimanga, mumapita kwa amfumu, ndipo mwini mbuzi amalipa. Chimene amalipacho si mphatso, simumuombera m'manja, ndi mlandu. Ngati mnansi yemweyo adzakubweretserani nkhuku pa Khirisimasi, imeneyo ndiyo mphatso, mumathokoza. Koma atati abwere ndi nkhukuyo ndi kunena kuti za chimanga zija zithere pomwepo, mudzi wonse ukhoza kumuseka. Chodabwitsa nchakuti zimene sitingalole kwa mnansi timazilola kwa kampani, chifukwa nkhuku yake imabwera ndi nduna, ndi riboni yodula, ndi atolankhani ngati ine.

Munda umene mwataya, madzi amene adetsedwa, manda osunthidwa, ntchito ya manja imene yafa, zonsezi ndi ngongole ya kampani. Mpira, njinga, makope a ana ndi mbewu zogawa ndi mphatso. Mphatso amasankha ndi wopereka: iye ndiye amanena kuti chiyani, liti ndi kwa yani, ndipo chaka chimene malonda avuta amangoleka, palibe khoti limene lingamufunse. Nchifukwa chake makampani amakonda kulankhula za mphatso. Imaoneka bwino pa chithunzi, ndipo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi kupezera mabanja 700 nthaka yachonde pafupi ndi madzi. Ngakhale sukulu ndi chipatala cha pa malo osamukirako tisazitche msanga mphatso, pakuti amene wakuchotsani pafupi ndi chipatala cha tauni ayenera kukubwezerani china.

Kulira kwa Cateme sikudapite pachabe. Pa 8 Ogasiti 2012 boma lidatulutsa Decreto 31/2012, yonena za kasamutsidwe ka anthu chifukwa cha ntchito za chuma. Mawu ake aakulu ndi akuti wosamutsidwa apeze moyo ndi mapezedwe olingana ndi akale kapena oposa. Imanena kuti pachitike misonkhano ya anthu onse yosachepera 4, kuti nyumba ikhale ya zipinda zogona 3, kuti kumudzi puloti isachepere mamita 5,000 m'bwalo lake lonse, ndiko kuti theka la hekitala, ndi kuti anthu apatsidwe malo ochitirapo ntchito zimene amadyera. Pulani yonse imavomerezedwa ndi boma la distirito, kotero a Administrador sanganene kuti nkhaniyo ndi ya ku Maputo. Lamulo la Migodi la mu 2014 lidaonjezera kuti malipiro oyenera alembedwe m'pangano la anthu atatu: boma, kampani ndi mudzi. Chaka chomwecho boma lidavomerezanso ndondomeko ya responsabilidade social ya makampani okumba chuma cha pansi, yolimbikitsa kuti zothandiza mudzi zizigwirizanidwa ndi eni mudzi ndi kulembedwa. Ndondomeko iribe mano ngati lamulo, komabe imakupatsani poyambira kunena kuti: zimene mwalonjezazi tilembe.

Palinso ndalama ina imene anthu ambiri saidziwa, ndipo iyi si mphatso, si malipiro a chiwonongeko, koma gawo lanu la msonkho. Kuyambira mu 2013 boma limapatula 2.75 pa 100 ya msonkho wa zokumbidwa kuti ibwerere ku midzi ya kumene kuli mgodi, ndipo mu 2022 lamulo lidasinthidwa kuti gawo lonse likhale 10 pa 100: 7.25 ya chigawo ndi madistirito, 2.75 ya midzi. Tsono mvetsani bwino, chifukwa ambiri amasokoneza. Si 2.75 ya malasha onse ayi, ndi 2.75 ya msonkho wokha, ndipo msonkho wa malasha ndi 3 pa 100 ya mtengo wake. Tiwerengere limodzi mwachidule. Malasha a mametikali 100,000 akatuluka, boma limatenga 3,000. Pa 3,000 imeneyo, ya mudzi ndi mametikali 82 ndi theka. Ndi kadontho. Koma mabogi ndi ambiri, ndipo pa chaka timadontho timeneti timakwana mamiliyoni, okwanira zipinda za sukulu, mijigo kapena msika. Ndalamayo siibwera m'manja mwa amfumu, imadzera ku boma la distirito, ndipo chochita nayo chiyenera kusankhidwa pamodzi ndi khonsolo ya anthu ya m'deralo. Bungwe la CIP la ku Maputo lakhala likudandaula kuti anthu ambiri sauzidwa kuti yafika zingati ndi kuti yagula chiyani. Choncho mukaona chipinda chatsopano cha sukulu pafupi ndi mgodi, funsani kuti chamangidwa ndi ndalama iti. Mwina muli kuvinira munthu chifukwa cha ndalama yanu yomwe.

Mlendo ndi mame

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo ku Tete taziona ndi maso. Mu 2011 kampani ya Rio Tinto idagula Riversdale ndi madola oposa 3.5 biliyoni. Idaganiza zotsitsa malasha pa mabwato mu Zambezi, boma lidakana, mitengo ya malasha idagwa, ndipo mu 2014 idagulitsa zonse kwa ICVL ya ku India pa madola 50 miliyoni okha. Kuli ngati munthu wogula khola la ng'ombe 70 ndi kudzaligulitsa pa mtengo wa ng'ombe imodzi. M'zaka zochepa chabe anthu a ku Mwaladzi adaona eni mgodi atatu, aliyense ndi mabwana ake ndi chikwangwani chake. Wolonjeza pakamwa adakwera ndege, ndipo wobwera adafunsa pepala.

Vale nayo idapita. Idamanga njanji ya makilomita oposa 900 yodzera ku Malawi, kutulukira pa Entre Lagos mpaka ku doko la Nacala, imene idatsegulidwa mu 2017, koma mgodi udakhala zaka zambiri osabweza ndalama. Mu 2021 idalengeza kuti ikuleka malasha, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene idapereka chidali chosamala chilengedwe, pakuti utsi wa malasha ndi umodzi mwa zinthu zimene ziri kutenthetsa dziko lapansi ndi kusokoneza nyengo. Za kusokonezeka kwa nyengo ife sitisowa wotiuza: tidaona Idai mu 2019, Ana mu Januwale 2022 amene adagwetsa mlatho wa pa Revúbuè, ndi Freddy mu 2023. Koma taonani mmene kudziyeretsa kumeneku kudachitikira. Mgodi sudatsekedwe. Udagulitsidwa, pamodzi ndi njanji, kwa kampani ya Vulcan ya gulu la Jindal pa madola 270 miliyoni, ndipo malonda adatha mu Epulo 2022. Mabuku a Vale adayera, koma makina adapitiriza kukumba pa dzenje lomwelo. Kusesa kotere kwathu timati kukankhira zinyalala pakhomo pa mnzako.

Pakhomopo ndi pa Moatize. Mgodi udakula mpaka kufika pafupi ndi mabairo, ndipo anthu akhala akudandaula za fumbi lakuda limene limagwera pa ufa woyanika, pa zovala ndi m'madzi akumwa, za chifuwa cha ana, ndi za kuphulitsa miyala kumene kumagwedeza ndi kung'amba nyumba. Mu Okutobala 2018 anthu a mu bairo la Bagamoyo adalowa mu mgodi ndi kuimitsa makina, ntchito ya mbali imeneyo niima masiku angapo. Mu 2024, mwini atasintha kale, madandaulo a fumbi adamvekanso m'mabairo a tauniyi. Anthu awa sadasamutsidwe, choncho m'kaundula wa olandira malipiro sadalimo, koma mpweya umene amapuma udasintha. Ndipo funso lina likudikira kutsogolo: malasha akadzatha, kapena akadzasowa wogula, maenje aakuluwa adzakwirira ndani? Lamulo limafuna kuti kampani ikhale ndi pulani yotsekera mgodi ndi kukonza malo. Pulani imeneyo ndi ya kufunsa pa msonkhano woyamba, pamene kampani ikadali kukufunani.

Sitikunena kuti muzithamangitsa galimoto iriyonse yobwera ndi mapu. Ana a ku Cateme adaphunzira mu sukulu zija, anyamata ndi atsikana ena a m'chigawo chino adaphunzira kuyendetsa makina ndi kuwotcherera zitsulo, ndipo dziko losauka ngati lathu likusowa msonkho. Amene akuti zonse zidali zoipa sakunena zoona, monganso amene akuti zonse zidali zabwino.

Kwathu kumalire nkhani yomweyi imabwera itavala malaya ena. Makampani a fodya amagawa mbande za mitengo, ndipo nzabwino, koma mitengo yomangira zigafa imadulidwa chaka ndi chaka, pamene mbande zambiri zimafa ndi moto kapena mbuzi mvula yachiwiri isanagwe. Funso si lakuti mwagawa zingati, koma zamera zingati. Odula matabwa nawo amakonda kusiya mpira ndi yunifolomu ya timu, chonsecho kuyambira mu 2005 boma lidakhazikitsa kuti 20 pa 100 ya ndalama za chilolezo chodula mitengo izibwerera ku midzi ya kumene mitengo yadulidwa, kudzera mu komiti ya mudzi yokhala ndi akaunti ku banki. Mudzi wopanda komiti umangoona malole akutuluka ndi mlombwa.

Ine mwini ndidakhalapo pa msonkhano wina wotere m'distirito lina la kumalire. Alendo adalankhula Chipwitikizi kwa nthawi yaitali, womasulira nkumadula mawu khumi kukhala atatu. Amayi adakhala kumbuyo pa mphasa, ndipo palibe adawafunsa kanthu, ngakhale kuti iwo ndiwo amadziwa chitsime chimene sichiphwa mu Okutobala. Kenaka padayenda pepala, akuti la maina a olandira mkate ndi zakumwa. Anthu adadinda zala mokondwa. Patapita miyezi adamva kuti pepala lija lidaphatikizidwa ku chikalata chonena kuti mudzi udavomera.

Lamulo la Malo la mu 1997 lidanena kuti nthaka ndi ya Boma, koma mudzi umene wakhala pa malo monga mwa mwambo uli ndi ufulu wowagwiritsa ntchito ngakhale ulibe chikalata, ndi kuti umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi, umawerengedwa. Wofuna malowo ayenera kuyamba wafunsa mudzi, chimene amati consulta comunitária, ndipo malamulo a mu 2011 amati misonkhano ikhale iwiri: woyamba womvera, wachiwiri woyankha. Masiku a pakatiwo ndi anu. Yendani m'malire ndi alendowo, muwaonetse madimba, msipu, manda ndi kumene amayi amatola nkhuni. Zimene mwagwirizana zilowe m'chikalata cha msonkhano chimene amati acta, ndi manambala ake: mahekitala angati, kuti, pofika mwezi uti, ndipo kampani ikagulitsidwa adzakwaniritsa ndani. Mwana wanu wa sukulu akuwerengereni mokweza m'chinenero chanu musanadinde chala.

Ndipo acta imeneyo musalole kuti ipite yonse ndi galimoto. Pemphani makope. Imodzi ikhale kwa amfumu, ina kwa mlembi wa komiti, ina kwa aphunzitsi aakulu kapena ku tchalitchi, yokulungidwa m'pulasitiki chifukwa cha chiswe, pakuti amene adzafunike kuiwerenga zaka khumi zikubwerazi mwina adzakhala bwana wa kampani ina, wochokera dziko lina, amene sadakhalepo pansi pa mtengo wanu tsiku la msonkhano.